Gulugufe wa Nyanga za Mbedza

Ana inu, mukamapita kudambo m'mawa, mwina mwaonapo kanthu ka mapiko kakuuluka msanga-msanga ngati mwala wa pa legeni, katera pa duwa, kanyamukanso. Ambiri amati ndi njenjete, pakuti thupi lace ndi lonenepa ndi laubweya. Koma iai, ameneyo ndi gulugufe ndithu, wa banja limene anthu ophunzira alicha Hesperiidae. M'banja limeneli muli mitundu yoposa 3,000 pa dziko lonse lapansi.

Kuti mumzindikire, yambani ndi nyanga zace. Gulugufe wamba ali ndi nyanga zotha ndi kamutu ngati cibonga. Njenjete zambiri zili ndi nyanga ngati ulusi kapena nthenga. Koma uyu nsonga za nyanga zace ndi zokhota ngati mbedza. Mutu wace ndi wotambalala, maso ndi akuru.

Mwa abale amenewa alipo wina wopezeka kwathu kuno ndi m'maiko ambiri a Afrika. Caspar Stoll, wa ku Amsterdam, ndiye anayamba kulemba za iye m'caka ca 1782, ndipo lero dzina lace m'mabuku ndi Coeliades forestan. Akatambasula mapiko akwana ngati mainchi 2. Pamwamba ndi wodera ngati dothi, koma akatera ndi kupinda mapiko, muona mzere woyera, waukuru, wodutsa pa phiko la m'mbuyo.

Tsono apa cenjerani, pakuti ali ndi abale awiri ofanana naye. Penyani mzere woyerawo. Ukakhala wopanda banga, ndiye forestan. Mukaona banga limodzi lakuda, ndiye anchises. Mawanga akacuruka, ndiye pisistratus. Wothamangira kuchula dzina asanawerenge mawanga, anama osadziwa.

Mbozi yace idya masamba a mitengo ya m'thengo, monga mpakasa. Ipinda tsamba, nilisoka ndi ulusi wocokera m'kamwa mwace, nibisala m'menemo kuti mbalame zingaione.

Musamgwire ndi manja, cifukwa mamba a pa mapiko ace acoka ngati ufa. Khalani cete pafupi ndi maluwa, penyetsetsani, ndipo mujambule pa sileti panu cimene maso anu aona, osati cimene mnzanu wanena.

Mafunso: Kodi nyanga za gulugufe uyu zisiyana bwanji ndi za njenjete? Nanga mbozi yace imanga nyumba ndi ciani?