Meenakshi, Mfumukazi ya ku Madurai

Kummwera kwa dziko la India, m'chigawo cha Tamil Nadu, kuli mzinda wakale wa Madurai, umene uli m'mphepete mwa mtsinje wa Vaigai. Kumeneko Ahindu olankhula Chitamil amapembedza mulungu wamkazi dzina lake Meenakshi, ndiye kuti wamaso onga nsomba, ndipo amamutcha Amman, kutanthauza mayi.

Nthano yawo imati mfumu Malayadhwaja Pandya inalibe mwana woti adzalowe ufumu wake. Itapereka nsembe, m'moto munatuluka kamtsikana ka zaka zitatu kokhala ndi mawere atatu. Mfumu inada nkhawa, koma mawu ochokera kumwamba anaiuza kuti imlere monga mwana wamwamuna, pakuti bere lachitatulo lidzazimirira tsiku limene adzaonane ndi mwamuna wake. Mtsikanayo anaphunzira nkhondo, nalowa ufumu wa atate ake, nagonjetsa mafumu ambiri. Atafika paphiri la Kailash anakumana ndi mulungu Shiva, ndipo pomwepo bere lija linazimirira.

Tsono Meenakshi sanatsalire kwa mwamunayo. Shiva ndiye anadza ku Madurai monga mkamwini, ndipo kumeneko amatchedwa Sundareswarar. Kufikira lero anthu amayamba alambira mkazi asanapite kwa mwamuna, ndipo usiku uliwonse ansembe amanyamula chifanizo cha Shiva pamachila kunka nacho kuchipinda cha Meenakshi. Ukwati wawo umakumbukiridwa chaka ndi chaka pachikondwerero cha Chithirai, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Nchifukwa chake Atamil, akafuna kudziwa amene amalamula pabanja, amafunsa mwanthabwala ngati pakhomopo ndi pa Madurai kapena pa Chidambaram, mzinda wina kumene Shiva ndiye ali patsogolo.

Kachisi wa Meenakshi wapyola m'zovuta. M'chaka cha 1311 ankhondo a Malik Kafur ochokera ku Delhi anafunkha mzinda wa Madurai, koma pambuyo pake mafumu a banja la Nayak anamanganso kachisiyo ndi kumukulitsa, makamaka Tirumala Nayak, amene analamula kuyambira 1623 mpaka 1659. Lero kachisiyo ali ndi nsanja 14 zodzaza ndi zifanizo zamitundumitundu.

Komabe kwa nthawi yaitali ana ena a mayiyu ankatsekeredwa kunja. Anthu otchedwa Dalit, amene anzawo ankawayesa odetsedwa chifukwa cha banja lobadwiramo, sankaloledwa kuponda m'kachisimo. Pa 8 Julayi 1939, loya wina wa mumzindamo, A. Vaidyanatha Iyer, anatsogolera kagulu ka anthu otere nalowa nawo kukalambira. Ansembe ambiri anakwiya nanyanyala ntchito kwa zaka zingapo, koma khomo silinatsekedwenso.

Anthu a ku Madurai anali atavomera kale kuti mwana wamkazi angathe kulowa ufumu. Kuvomera kuti mayi sasankha ana ndiko kunawatengera zaka mazanamazana.