Kujambula Zithunzi pa Chilumba cha Réunion

M'nkhani yathu ya za maulendo lero tiwoloka nyanja yamchere ya India kufikira pa chilumba cha Réunion, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kummawa kwa Madagascar, ndipo ndi gawo la dziko la France. Chilumbachi chinapangidwa ndi mapiri awiri amoto. Lalikulu, Piton des Neiges, linazima kalekale. Msinkhu wake ndi mamita 3,070, kupambana pang'ono Sapitwa wathu wa pa Mulanje. Linzake, Piton de la Fournaise, la mamita 2,632, likali moyo, ndipo lili m'gulu la mapiri amene amalavula chiphalaphala kawirikawiri pa dziko lonse. Alendo amakhamukirako ndi makamera ndi mafoni awo, koma si onse amabwerako ndi chimene anaona. Ambiri amabwerako ndi zithunzi za mitambo yoyera ndi miyala yotuwa. Tiyeni tione chifukwa chake.

Tiyambe ndi mitambo. Mphepo imene imaomba pa chilumbachi imachokera kumwera chakummawa, itasenza chinyontho cha m'nyanja. Ndi mtundu womwewo wa mphepo imene imatibweretsera chiperoni ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ikagunda mapiri imakwera, nizizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka mitambo. N'chifukwa chake mbali ya kummawa ndi yamvula, yodzala nkhalango ndi mathithi, pamene ya kumadzulo ndi youmirapo. Mvula yake si yamasewera: mu Januwale 1966, pa malo otchedwa Foc-Foc panagwa mamilimita 1,825 m'maola 24 okha, pafupifupi kawiri mvula imene Lilongwe amalandira chaka chathunthu.

Koma ngakhale tsiku lopanda mvula, mitambo ili ndi nthawi yake. Usiku mapiri amakhala poyera. Dzuwa likatuluka nthaka imafunda, mpweya wonyowa wa m'mphepete mwa nyanja umayamba kukwawa m'zigwa, ndipo pofika cha m'ma 9 kapena 10 koloko nsonga zambiri zaphimbika. Amene wayamba ndi kusamba, kumwa tiyi mosafulumira ndi kulonga katundu, amakapeza chilumba chitafunda kale bulangete.

Pali malo amodzi pamene nkhani imeneyi imaonekera bwino koposa. Pakati pa chilumbachi pali zigwa zitatu zazikulu zonga miphika, zozingidwa ndi maphompho: Salazie, Cilaos ndi Mafate. Ku Mafate kulibe msewu wa galimoto. Anthu a kumeneko amayenda pansi, ndipo katundu wolemera amapita pa helikoputala. Alendo amachionera pamwamba, pa Maïdo, mamita oposa 2,000 kuchokera pa nyanja. Tsono vuto lili apa. Woima pa Maïdo amayang'ana kummawa, kumene dzuwa likutulukira. Akajambula dzuwa litangotuluka, limamuthobwa m'maso, ndipo chigwa chonse chimakhala mumdima. Akadikira kwambiri, mitambo imamulanda zonse. Nthawi yabwino ndi yochepa, pamene kuwala kwatsika kufika pa timidzi ta pansi koma nkhungu isanakwere. Afike kusanache, aone pamene adzaima, ndipo pojambula atchinge galasi la kamera ndi dzanja kapena chipewa kuti dzuwa lisalowemo mwachindunji. Juzi asaiwale: m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumtundako kumazizira kufikira kugwa chisanu, ndipo batire likazizidwa limatha msanga. Alisunge m'thumba lamkati.

Tipite tsopano ku phiri lamoto lenilenilo, kumwera chakummawa kwa chilumba. Msewu wake umadutsa chidikha chotchedwa Plaine des Sables, cha mchenga wofiirira wopanda mtengo ndi umodzi womwe, nukathera pa Pas de Bellecombe, pamwamba pa phompho loyang'anizana ndi phirilo. Kuno mdani si mitambo yokha, komanso mwala wakuda. Kamera iliyonse, ya filimu ngakhale ya m'foni, imayesa kuwala poganiza kuti chimene ikuona n'chapakatikati, chosada ndi chosayera. Ikaona chiphalaphala chouma chakuda bii, imati kuno kwada, nilowetsa kuwala kopyola muyeso. Mwala umatuluka wotuwa ngati phulusa, thambo nilisanduka pepala loyera. Mankhwala ake ndi kuchepetsa kuwalako ndi dzanja, sitepe imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kufikira chakuda chitaoneka chakuda. Mwalawo umakomanso dzuwa likauwalira chammbali, pakuti ndi pamene makwinya ake onga zingwe zopota amaonekera. Masana dzuwa lili paliwombo zonsezi zimafafanizika.

Chinanso ndi ukulu. Pamene palibe mtengo kapena nyumba, diso silidziwa ngati likuona chulu kapena phiri. Pansi pa phompho lija pali kaphiri kofiira kotchedwa Formica Leo. Kajambuleni kokha, kadzaoneka ngati mulu wa dothi. Dikirani anthu awiri atatu afike pafupi nako, ang'onoang'ono ngati nyerere, ndipo woona chithunzi adzagwira pakamwa. Ine ndimaona kuti ojambula ambiri amalakwa pothamangitsa anthu m'chithunzi cha malo.

Apa ndinene mosabisa, omvera, kuti phiri limeneli lapha anthu. Njira zake zinalembedwa ndi madontho a utoto woyera pa miyala, chifukwa nkhungu ikatsika munthu saona ngakhale mapazi khumi patsogolo, ndipo mbali zonse zimafanana. Chiphalaphala chimauma pamwamba kunsi kuli mphako. Mu 2003 mnyamata wina amene anapita kukaona kuphulika anagwera mu mng'alu wotentha namwalira. Akuluakulu a boma akatseka njira, amatero atamva kwa akatswiri a pa malo oyang'anira phirili, amene anakhazikitsidwa mu 1979.

Ndipo wofuna umboni wa mphamvu ya phirili sayenera kuyandikira moto. Atsike kunyanja, mbali ya kummawa. Kumeneko msewu waukulu umadutsa pa chiphalaphala cha mu Epulo 2007, chimene chinaudula nichikathera m'nyanja, nthawi imene chibowo cha pansonga, Dolomieu, chinatitimira mamita oposa 300. Chakumpoto pang'ono, pa mudzi wa Piton Sainte-Rose, pali tchalitchi chimene chiphalaphala cha mu 1977 chinachizinga, nichilowa pakhomo pang'ono, osachigwetsa. Lero chimatchedwa Notre-Dame des Laves, ndipo mwala wakuda ukali pomwepo, pafupi ndi makoma ake. Pochoka kozizira kumtunda kutsikira kotentha kumeneko, galasi limachita nthunzi. Ikani kamera m'jumbo, mumange, ndipo musatsegule kufikira itafunda.