Kathumba konunkhiritsa ka chitsononkho, ndi fizikisi yomwe ili m'kati mwake

Chimanga chikatong'oledwa, zitsononkho zimatsala mulu pabwalo. Kuno kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanje ambiri timakolezera moto, ena amaotcha kuti apeze phulusa la chidulo, ndipo ntchito ina ija ya kuchimbudzi nonse mukuidziwa, tisaitchule. Koma chitsononkho chosinja chingathenso kusunga fungo labwino n'kumalitulutsa pang'onopang'ono m'chikwama cha zovala kapena m'chipinda chogona. Kumaiko ngati America, ufa wa zitsononkho umagulitsidwa ndithu: amayalira ziweto zazing'ono, amapukutira zitsulo kuti ziwale, komanso amayamwitsira mafuta otayikira pansi m'mafakitale.

Thyolani chitsononkho chimodzi muone. Pakati pali kachinthu koyera, kofewa ngati siponji, ndipo kazunguliridwa ndi gawo lolimba ngati mtengo. Mbali yofewayo ili ndi timabowo tambirimbiri. Madzi kapena mafuta akakhudza timabowo totere amalowa okha, monga momwe parafini amakwerera pachingwe cha koloboyi. M'buku lanu la fizikisi zimenezi amazitcha capillarity.

Nanga kusinjako n'kwa chiyani? Tiyeni tiwerengere. Kabokosi kotalika 1 cm mbali zonse kali ndi nkhope 6, ndiye malo ake akunja ndi 6 cm². Kaduleni kukhala tizidutswa ta 1 mm: tituluka 1,000, kalikonse ka 6 mm², tonse pamodzi 60 cm². Chinthu n'chomwecho, kulemera n'komweko, koma malo okumana ndi mpweya achuluka kakhumi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Malo akachuluka, fungo limapeza pomamatira pambiri komanso potulukira pambiri. Komabe musasinje mpaka kukhala ufa woyera, chifukwa umatuluka pansalu n'kumakuyetsemulitsani. Timibulu tonga misere ya mpunga ndiye tabwino.

Kapangidwe kake sikovuta. Sankhani zitsononkho zouma gwa, zopanda chuku. Chilichonse chobiriwira kapena chakuda m'kati chipite pamoto, poti fumbi la chuku ndi loipa m'mapapo. Ziphwanyeni ndi mwala, musinje mumtondo, musefe. Kenako finyirani makoko aawisi a lalanje, ndimu kapena manachesi pamwamba pake. Timadzi tothothoka m'maso tija ndi mafuta, ndipo ambiri mwa iwo ndi limonene, amene amapatsa zipatsozi fungo lake. Mukhoza kusakanizamo masamba ouma a lemongrass, a bulugamu kapena a mpungabwi, ngakhalenso madontho atatu a perefyumu ngati amayi avomera. Tsekerani zonse m'botolo kwa sabata imodzi, kenako mumange m'kachidutswa ka chitenje. Pulasitiki ayi, fungo lidzasowa potulukira.

Tsopano funso lomwe limabwera m'mayeso: fungo limafika bwanji kumphuno? Yankho lozolowereka ndi diffusion, kutanthauza kuti mamolekyulu amachoka pomwe achuluka kupita pomwe achepa. N'zoona, ndipo lembani choncho. Koma ine ndimaona kuti yankholi limabisa zambiri. Mamolekyulu a mpweya amathamanga pafupifupi mamita 500 pasekondi imodzi, kuposa liwiro la mawu. Zikanakhala kuti amayenda molunjika, bwenzi fungo likufika musanaphethire n'komwe. Vuto n'lakuti molekyulu iliyonse imawombana ndi zinzake kokwana mabiliyoni pasekondi, n'kumangokhotakhota ngati munthu wodutsa pakati pa msika wa Jali tsiku la msika. Mpweya utati ungokhala chete osayenda, fungo likhoza kutenga masiku ambiri, mwina masabata, kuti lidutse chipinda cha mamita 5. Chimene chimalinyamula msanga ndi kuyenda kwa mpweya weniweniwo, convection: wotentha kukwera, wozizira kutsika, chitseko kutsegulidwa, munthu kudutsa. N'chifukwa chake kathumba kopachika pafupi ndi zenera kamamveka kuposa kobisika pakona. N'chifukwa chakenso fungo la matemba a pa Kachulu limakupezani kutali mphepo ikamachokera kunyanja, koma ikatembenuka mumafika pafupi osamva kanthu.

Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake. Mamolekyulu akatenthedwa amapeza mphamvu yothawira pamafuta aja. Mu October, m'nyumba ya malata, kathumba kamanunkhira kwambiri koma kamatha msanga. Mu June kamakhala kozizira fungo koma kamakhalitsa. Nyanja yathu ya Chilwa imatsata lamulo lomweli. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya komanso yotambalala, choncho madzi a Likangala, Domasi ndi Phalombe akalowa amachoka ngati nthunzi basi. Mvula ikachepa zaka zotsatizana imauma, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Malo aakulu okumana ndi mpweya, dzuwa lambiri: mfundo ya kathumba ija, koma pamlingo waukulu.

Yesani izi. Pangani timathumba tiwiri tofanana, kena mukasiye padzuwa, kena pamthunzi, ndipo tsiku lililonse muitane mnzanu wochokera panja adzanunkhize. Akhale wochokera panja, chifukwa mphuno imazolowera fungo pakangopita mphindi zochepa, ndipo inu amene mwakhala nako pafupi mudzaganiza kuti katha pomwe kadakalipo.

Zinthu ziwiri kathumbaka sikangachite. Sikachotsa fungo loipa, kamangoliphimba. Fungo la nsomba limachokera ku trimethylamine, yemwe ndi base, ndiye manja kapena beseni la nsomba mutsuke ndi madzi a ndimu, asidi wake ndi amene amathana nalo. Chachiwiri n'chachikulu: ngakhale muthiremo mpungabwi kapena lemongrass wochuluka bwanji, fungolo ndi lochepa kwambiri moti silingakutetezeni ku udzudzu usiku wonse. Kuno kumadambo a Chilwa malungo ndi osaseweretsa, neti ija muzigonamobe.