Mphika wa dongo

Ana inu, yang'anani pa mafuwa lero madzulo. Kodi nyemba akuphika mu ciani? M'nyumba zambiri kuno ku Furancungo muona poto wa citsulo. Koma kwa agogo mukapeza mphika wakuda wa dongo. Mphika umenewu unaumbidwa ndi manja.

Dongo la mphika si dothi wamba. Amayi oumba amakalikumba kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje, pa mtapo. Akafika nalo kumudzi amacotsa timiyala ndi mizu. Amathira madzi pang'ono ndi kulisinja mpaka lifewe. Kamwala kakatsalira m'dongo, mphika ungathe kung'aluka pamoto.

Kenaka amayamba kuumba. Amakweza khoma la mphika pang'onopang'ono, dzanja lina mkati, lina kunja. Amasalaza ndi cisononkho ca cimanga, ndipo pambuyo pake amakulungiza ndi kamwala kosalala. Mphika wauwisi sauika padzuwa, cifukwa ukauma msanga umacita ming'alu. Umakhala pamthunzi masiku ambiri. Ukauma amauocha ndi nkhuni ndi makungwa a mitengo. Ukazizira amaugogoda ndi cala. Wabwino umalira momveka. Wong'aluka umangoti phwa phwa, ndipo nchito yonse ija yapita pacabe.

Zoumba zili ndi maina ake. Wa ndiwo ndi mphika. Ya nsima ndi nkhali. Wa madzi ndi mtsuko, ndipo madzi a mumtsuko amazizira ngakhale m'mwezi wotentha. Dongo limacedwa kutentha, koma limacedwanso kuzizira. N'cifukwa cace nyemba zimapsa bwino mumphika pa moto wocepa, osapserera msanga.

Kodi ndife tokha timene timaphika m'dongo? Iai. Kumpoto kwenikweni kwa Africa kuli dziko la Morocco. Kumeneko ali ndi mphika wao umene amauchula kuti tajine. Pansi pace ndi mbale yotakata. Civundikiro cace ndi cosongoka ngati denga la nkhokwe. Amaikamo nyama ya nkhosa kapena nkhuku, anyezi ndi ndiwo zina, ndi kuuika pa makala. Nthunzi imakwera m'civundikiro, imazizira, ndipo imadontheranso m'ndiwo. Motero amaphika ndi madzi ocepa. Mzinda wa Safi ndi wochuka pa zoumba. Oumba a kumeneko amazunguza dongo pa gudumu, pamene amayi a kuno amaumba ndi manja okha.

Cakudya cina ca ku Morocco ndi couscous. Amacipanga ndi tirigu, mbewu yomwe ija imene alimi amalima ku Tsangano. Ndi timibulu tating'ono ngati mapira, ndipo amatiphika ndi nthunzi. Mabanja ambiri amadya couscous tsiku Lacisanu, onse mozungulira mbale imodzi, monga ife pa nsima. M'caka ca 2020 bungwe la UNESCO linaika couscous pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Nsima ya ku Malawi inalowa pa mndandanda womwewo mu 2017.

Poto wa citsulo akagwa amangopindika. Mphika ukagwa umasweka, ndipo oumba masiku ano ndi ocepa. Amayi akakutumani mphika, nyamulani ndi manja awiri. Ukakhala wotentha musathiremo madzi ozizira. Mukafika kunyumba, funsani agogo kuti mtapo wa mudzi wanu uli kuti.