Mimba yaikulu ikubisa nthenda ya chiwindi

Pa Entre Lagos, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, wageni akayamba kutuluka mimba anzake amati zake zayera. Wogula matemba n'kukagulitsa ku Cuamba kapena kuwoloka nawo pa Nayuchi, ndalama zikayamba kubwera amasiya njinga yakapalasa n'kugula yamoto, ludzu n'kumapha ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Koma madokotala akuti mafuta ooneka pamimbawo amaunjikananso m'chiwindi.

Kuyambira kale, chiwindi cha anthu a m'madera ngati lino chimaonongeka ndi kachasu, likodzo la m'matumbo, kachirombo ka hepatitis B ndiponso chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa. Nthenda inayi idadziwika bwino mu 1980, pamene Dr Jurgen Ludwig ndi anzake a pa Mayo Clinic ku America adalemba za odwala a chiwindi chonga cha chidakwa chonsecho sanali zidakwa. Ambiri adali onenepa, ena a shuga.

Mu 1988 Dr Gerald Reaven wa ku Stanford adafotokoza kuti shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi zimayendera limodzi kaamba koti thupi lasiya kumvera insulini. Mtolo umenewu ndiwo amautcha metabolic syndrome. Mu 2023 akatswiri adapatsa nthenda ya mafuta m'chiwindi dzina latsopano la MASLD, posonyeza kuti muzu wake ndi womwewo.

Kafukufuku akuonetsa kuti pa dziko lonse pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi mafuta ochuluka m'chiwindi. Ku Mozambique, kalembera wa zaumoyo wa 2005 adapeza kuti akuluakulu 33 mwa 100 ali ndi vuto lothamanga magazi. Wa 2014 mpaka 2015 adapeza 39. Ofufuza akuyang'ananso anthu amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, poti ena amanenepa nawo. Izi si chifukwa chosiyira mankhwala ayi, koma chokwerera sikelo kawirikawiri.

Choopsa n'chakuti chiwindi sichilira. Munthu amatha zaka ali gwa, osamva kupweteka, pomwe chiwindi chikuchita zipsera mpaka kuuma. Miyendo ikamatupa ndi maso kuchita chikasu, madzi afika kale m'khosi.

Mankhwala oyamba a nthendayi, resmetirom, adavomerezedwa ku America mu 2024, ndipo semaglutide adatsatira mu 2025. Mtengo wake wogulitsa matemba sangaufike. Chimene chili m'manja mwake n'kuchepetsa thupi: wolemera makilo 80 akataya makilo 6 mpaka 8, mafuta ndi kutupa kwa chiwindi zimabwerera m'mbuyo. Ndiye kuti njinga yakapalasa ija asaigulitse msanga.

Poyezera poyamba ndi tepi ya telala. Bambo amene m'chiuno mwake mwafika masentimita 94, kapena mayi amene mwafika 80, akapita kuchipatala apemphe kuti amuyeze shuga ndi BP.