Maonekedwe a Zilembo ndi Kuphunzitsa Kuŵerenga Cinyanja m'Makomboni a Lusaka

Akatswiri a zinenero akhala akukambirana kwambiri za kalembedwe ka Cinyanja kucokera pamene Unduna wa Maphunziro unavomereza malamulo a kalembedwe ka zinenero za m'Zambia mu 1977, koma nkhani ya maonekedwe a zilembo zenizenizo yasiyidwa m'manja mwa osindikiza. Nkhani ino ikuona mtundu umodzi wa zilembo, uja wopanda timapazi kumapeto kwa mizere, umene umamangidwa pa mkombero ndi mzere woongoka.

Citsanzo codziŵika bwino ndi Futura, cimene Paul Renner anakonza ku Germany ndipo cinatuluka mu 1927. Century Gothic ya mu 1991 imatsata njira yomweyo. Colinga ca okonza cinali cakuti cilembo cisakhale ndi zokometsera: mzere ukhale wonenepa pafupifupi mofanana ponseponse, o akhale mkombero, ndipo a, b, d ndi p akhale mkombero womwewo woimikidwa pa ndodo. Ici ndiye cifukwa cake zilembo zotere zimayenera pa zikwangwani za masitolo ndi zipatala ku Kanyama, Matero kapena Chawama. Wojambula amazilemba mosavuta, ndipo woyenda pamsewu amaziŵerenga ali patali. Aphunzitsi nawonso amazikonda popeza a wake amafanana ndi uja amalemba ndi coko pa bolodi.

Koma kufanana kumene kumakondweretsa diso la wamkulu ndiko kumasokoneza mwana wa Giredi 1. Wodziŵa kuŵerenga amathandizidwa ndi tanthauzo la ciganizo; woyamba kumene amadalira cilembo cimodzicimodzi. Mu Futura, a amasiyana ndi o ndi kandodo kokha, ndipo pepala likajambulidwa kangapo pa makina a fotokope, monga zimacitikira kumene mabuku ndi ocepa, kandodoko kamafufutika. Pamenepo "ana" ndi "ona" akhala mawu amodzi. Cimodzimodzinso b ndi d, amene ali ngati munthu ndi cithunzi cake pa galasi: "kubala" si "kudala". Vutoli linakula mu 2014, pamene Cinyanja cinakhala cinenero cophunzitsira m'makalasi oyambirira a m'Lusaka, pakuti ana ambiri a ku Mtendere, George ndi Kalingalinga amalankhula Cinyanja ca m'tauni cosiyana ndi ca m'buku, motero tanthauzo siliwaombola msanga diso likalakwa.

Pali zizindikiro ziŵiri zimene okonza a ku Ulaya sanaziganizire m'malo mwathu. Coyamba ndi kamkhwukutu ka mu ng', kamene sikasonyeza cilembo cosiyidwa koma liwu lapadera. Kakacepa kwambiri, "ng'oma" yoimba isanduka "ngoma" ya m'thengo. Caciŵiri ndi ŵ. Mitundu ina ya zilembo ilibe cilemboci, ndipo kompyuta imabwereka ca mtundu wina, cimene cimaoneka ngati cigamba pakati pa liwu, kapena wolemba amangocotsa kadengako.

Bungwe la SIL International linakonza Andika poganizira oyamba kuŵerenga. Zilembo zake zilibe timapazi, a ndi g ndi a pa bolodi, koma l ali ndi kamcira kuti asiyane ndi I wamkulu ndiponso nambala 1, ndipo ŵ alimo. Maganizo athu ndi akuti Futura ndi anzake atsale pa mitu ndi pa zikwangwani, koma m'buku loyamba la mwana muloŵe zilembo za mtundu wa Andika, zazikulu ndi zotalikirana bwino.