Shuga Akatsika: Zizindikiro Zimene Banja Liyenera Kudziwa

Tikamakamba za matenda a shuga, ambiri timaopa kukwera kwake. Komatu shuga amathanso kutsika kwambiri m'magazi, ndipo kutsikako kumagwetsa munthu mofulumira kuposa kukwera. Achipatala amati shuga watsika pamene kachipangizo koyezera kawonetsa nambala yochepera 3.9.

Vutoli limagwera makamaka amene amabaya jakisoni wa insulin, ndi amene amamwa mapiritsi a glibenclamide. Mankhwalawa amatsitsa shuga, kaya munthu wadya kaya sanadye. Metformin payekha sakonda kuchita zimenezi.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kuno ku Phalombe chifukwa zaka zino Ramadhani ikumadza m'miyezi ya February ndi March, pamene nkhokwe zatha koma ntchito ya kumunda ili pachimake. Mu 2023 mwezi wa swaumu unayamba patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atasakaza midzi, anthu ambiri ali m'misasa. Taganizirani mayi amene wadya daku ya phala lokha, wamwa piritsi lake, nalowa m'munda wa mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ikamafika nthawi ya Dhuhr, thupi lake lilibe chogwiritsa ntchito.

Zizindikiro zoyamba amazimva ndi mwini wake: thukuta lozizira ngakhale kusakutentha, kunjenjemera kwa manja, mtima kugunda mofulumira, njala yadzaoneni, chizungulire ndi mutu. Zotsatira zake amaziona ndi a pabanja. Munthu wofatsa amayamba kukalipa popanda chifukwa, lilime limalemera, amayankha zosagwirizana ndi funso, amayenda dzandidzandi. Apa mpamene timalakwira odwala. Ena amati agogo agwidwa ndi majini, nathamangira kukaitana Shehe. Ena, Allah atikhululukire, amanong'onezana kuti bambo uja walawa mowa. Chikhalirecho ubongo wake ukusowa shuga, ndipo akachedwa kuthandizidwa amaphupha ngati wa khunyu, nakomoka. Okalamba ndi amene adwala zaka zambiri nthawi zina samva n'komwe zizindikiro zoyamba zija.

Ngati munthuyo akutha kumeza, msungunulireni masupuni ang'ono atatu a shuga m'kapu ya madzi, kapena mpatseni theka la botolo la Fanta. Dikirani mphindi 15. Ngati sanatsitsimuke, bwerezani. Akapeza bwino adye chakudya chokhalitsa m'mimba monga nsima, mbatata kapena buledi. Koma wokomoka musamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali ndipo fulumirani naye ku chipatala chapafupi, kapena ku Holy Family, kapena ku John Chilembwe ku Migowi. Wa glibenclamide akaonane ndi adokotala ngakhale atadzuka, chifukwa mphamvu ya piritsili imakhalitsa ndipo shuga atha kutsikanso usiku.

Nanga swaumu? Makolo a ana athu a ku madrasa amatifunsa funsoli chaka ndi chaka. Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, ikuloleza wodwala kumasula ndi kudzabweza masikuwo, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa moti sangathe kufunga amapereka fidiya podyetsa wosauka. Mu 2009 ma ulama a International Islamic Fiqh Academy, atakumana ku Sharjah ndi kumva uphungu wa madokotala, anagamula kuti odwala shuga amene ali pa chiopsezo chachikulu asafunge. Tsono shuga akatsika, masulani pomwepo, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Ife tikuona kuti kulimbikira pamenepo ndi kukana chifundo chimene Allah anapereka yekha. Kudzibaya chala poyeza shuga sikuononga swaumu.

Amene akufuna kufunga akaonane ndi adokotala mwezi wa Shaabani usanafike kapena ukangoyamba, chifukwa mlingo wa mankhwala ndi nthawi yomwera zimafunika kusintha. Daku ichedwetsedwe mpaka Fajr itayandikira. Ndipo msodzi wa pa Chilwa kapena wa ku Mangochi amene ali ndi matendawa asakwere bwato popanda maswiti m'thumba, komanso mnzake wopalasa naye adziwe chochita.